A Juzi ndi Mwezi Umene Anthu Analeka Kufa

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo ndi a ku ofesi yolemba anthu ntchito basi. Ena onse ankangoti a Juzi, chifukwa ngakhale dzuwa lichite kuswa mtengo, iwo ankayenda atavala juzi yotuwa, yothothoka m'zigongono. M'basi anthu ankawasiyira mpando poyesa kuti ndi malungo. Sanali malungo ayi. Chipinda chimene ankagwiramo ntchito ndicho chinali chozizira ngati m'phanga, pakuti makina amene ankawalera sankagwirizana ndi thukuta.

Ankagwira ntchito ku likulu la bungwe losunga mbiri ya anthu: wabadwa ndani, wakwatira ndani, watisiya ndani. Nyumbayo inali yosanjikizana, ndipo ulemu unkakwera pamodzi ndi masitepe. Pamwamba panali makapeti ndi mabwana. Pansi penipeni, kupitirira chipinda cha matsache ndi mipando yothyoka miyendo, panali chitseko chachitsulo, ndipo kuseri kwake kunaima Chimphona: kompyuta imodzi yakuda, yaitali ngati kabati ya zovala, yong'ung'udza osapumira.

M'mimba mwa Chimphonamo munkakhala makompyuta ena ambirimbiri, osaoneka ndi maso, osagwirika ndi manja. Anthu a ntchitoyi amawatcha alendo. Mlendo aliyense ankadziyesa mwini nyumba, chonsecho onse akudyera mbale imodzi. Onsewo ankayendera pulogalamu imodzi yopanda mwini, imene aliyense angaitenge ulere, kuiphwasula ndi kuilumikizanso mmene wafunira. Wina ankasunga za ana obadwa, wina za maukwati, wina za imfa, wina ankangonyamula mauthenga a m'maofesi.

Ntchito ya a Juzi inali pawiri. Yoyamba inali kulumikiza alendowo kuti azilankhulana okhaokha, ndiponso ndi maofesi a m'nthambi omwe anali kutali. Mawaya ake anali osaoneka, omangidwa ndi mawu otayipa, komabe ankapiringizana ngati mawaya enieni. Yachiwiri inali kulondera. Anasankha mlendo mmodzi n'kumuika ukapitawo, kuti aziyendera anzake mosalekeza n'kumawafunsa: mulipo kodi, mwalemedwa, m'nkhokwe mwatsala malo? Woyankha bwino ankamuyatsira kanyali kobiriwira. Wobuula, kapena wongoti zii, ankamuyatsira kofiira.

Pabungwepo anafika akadali ndi tsitsi lonse, ali wokonza makina otayipira. Tsiku limene Chimphona chinabwera, amisiri ochilowetsa anafuna munthu wowagwirira chitseko. A Juzi anagwira chitseko, nayamba kufunsa mafunso, ndipo pofika madzulo amisiri aja anali atatopa nawo kotero kuti anauza mabwana kuti munthuyu akaphunzitsidwe kwina. Anapitadi kusukulu, nabwerako ndi setifiketi ndi chimfine chimene sichinathe mpaka ukalamba.

Akazi awo anali telala, wosokera pakhonde pa nyumba yawo ya lendi. Anakwatiwa juzi isanabwere m'banjamo, ndipo ankati akanadziwa akanaganiza kawiri. Ana anabadwa, anakula, nakapeza ntchito kutali.

"Kodi alendo anuwo sachoka?" ankafunsa mayiwo, pini ili pakamwa. "Ife tinamva kuti mlendo ndi mame."

"Awa ndi mame a mtundu wina, mayi. Sakamuka."

Sankachokadi. Mkulu aliyense wa dipatimenti akabwera ku msonkhano wa kunja, ankafuna mlendo wakewake wa ntchito yatsopano. Ntchitoyo inkafa mwakachetechete, mkuluyo n'kusamutsidwa, koma mlendo n'kumadyabe. Ukafunsa kuti uyu ngwayani, aliyense ankayang'ana kudenga. Ndiye a Juzi anali ndi njira yawo. Sankamupha mlendoyo. Ankangodula kawaya kake kosaoneka, n'kukhala pansi, n'kupinda manja. Wina akatsika masitepe akulira kuti zake zasowa, ankalumikiza msanga n'kupepesa, mlendo wapeza mwini. Kukapanda wolira mpaka mwezi kutha, ankamufufuta. Njirayi ankaitcha kudula n'kumvetsera, ndipo ankainyadira kuposa setifiketi ija.

Kenaka kunabwera bwana wamkulu watsopano, munthu wa nsapato zosongoka, amene sankatha kumaliza chiganizo popanda mawu akuti masomphenya. Pasanathe nthawi dzina lawo linakhala lomwelo. A Masomphenya analamula kuti tinyali tonse ta a Juzi tizioneka pa sikirini yaikulu pakhoma, pomwe anthu amafikira, kuti aliyense wolowa aziona kuti bungwe lili maso. Tsiku lina akuonetsa khomalo kwa akuluakulu ochokera kunja, kanyali kamodzi kanangoti psuu. Akuluakuluwo anakaloza. A Juzi anaitanidwa pamwamba.

"Bambo Juzi," anatero bwanayo, pakuti ankayesa kuti ndilo dzina lenileni, "kofiira aka kakutsutsana ndi masomphenya athu."

"Ndi mlendo wa maukwati, bwana. Wangolemedwa pang'ono. Ndi nyengo yake."

"Azilemedwa mobiriwira."

Munthu wina akanakana. A Juzi sanakane. Anakonza kuti khoma lizionetsa zobiriwira zokhazokha, ndipo zofiira zonse zizilira pa foni ya ntchito imene inkakhala m'thumba mwawo. Kunena zoona, zinawakomera. M'nyumba yonse yosanjikizanayo, munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa pamene pakupweteka, ndipo munthuyo anali wa kuseri kwa matsache. Foni ikalira ali pa chakudya, ankadzuka ndi nkhope ya dokotala, n'kusamba m'manja mwaulemu. Akazi awo ankaitcha mkazi wamng'ono, ndipo nthawi zina ankaiikira mbale yakeyake.

Khomalo analipezera mlonda wake, bambo wina wa mtima wabwino amene chibadwire sanatsutsepo munthu. Ameneyu ankamutcha a Indebwana. Ntchito yawo inali kuyang'ana zobiriwira ndi kuyankha foni ya m'nthambi.

Chaka china bungwe linauzidwa kuti lichepetse antchito. Anthu anaitanidwa m'chipinda cha makapeti, ndipo a Masomphenya anafunsa kuti kodi munthu wosafunika amadziwika bwanji. Onse anayang'ana m'makapu. A Juzi sankakwera pamwamba kawirikawiri, ndipo kufewa kwa kapeti ndi tiyi wa mkaka zinawalowa m'mutu. Anakonza kukhosi, nayamba kusimba mmene iwo amachitira ndi alendo opanda mwini. Ankangofuna kuti anthu aseke. Ena anasekadi. Bwana sanaseke.

"Bwerezani pang'onopang'ono, Bambo Juzi," anatero, akutsegula cholembera.

Lamulo linalengezedwa ndi mkulu wa ofesi yolemba anthu ntchito, mayi wa magalasi a chingwe, amene ankadziwika kuti Mayi Ndondomeko. Aliyense, mosinthana, azipita ku tchuthi cha mwezi, atapereka katundu yense wa bungwe. Bwana wina akamulirira, abwerere pa ntchito. Kukapanda womulirira, apume. Ndipo wobwera yekha asanaitanidwe wadzionetsa yekha kuti iye ndiye akufuna bungwe, osati bungwe kufuna iye.

Anayambira mayi wophika tiyi. Dzuwa lisanafike pamutu, nyumba yonse inali italira, ndipo anakamutenga pa galimoto ya bwana. Wachiwiri anali wachiwiri kwa mkulu wa mapulani. Ameneyu mwezi unatha popanda wozindikira ngakhale kuti wachoka, ndipo mlembi wake ankaperekabe moni pa chitseko chotseka. A Juzi anaseka pansi paja mpaka kutsokomola. Anaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mawalo linafika. Anaima pa tebulo la Mayi Ndondomeko ngati mwana wa sukulu.

"Makiyi," anatero mayiwo. "Khadi ya pachitseko. Foni."

"Foniyi, mayi, imalira."

"Mafoni onse amalira, bambo."

Pakamwa panali potsegula kale. Akanangonena kuti zofiira zonse za bungwe zimathera m'kachitsulo kameneka. Akanangotsika pansi n'kuzitembenuzira kwa a Indebwana, ntchito yosafika n'kuwiritsa madzi komwe. Koma maganizo anawadzera mwaliwiro. A Indebwana sanali chitsiru, anali aulemu chabe. Atapatsidwa zofiira, akanazithetsa pang'onopang'ono, mwezi n'kutha popanda wolira. Koma foni ikalirira m'dilowa ya Mayi Ndondomeko eni ake, mboni yoposa imeneyo ikanachokera kuti? A Juzi anameza mawu. Anapereka foni ndi manja awiri. Potuluka anasiya nambala ya kunyumba kwa a Indebwana, kwa mlonda wa pageti, ngakhale kwa mayi wa tiyi.

Kunyumba anakhala pakhonde, pafupi ndi makina osokera, khutu lili m'nyumba. Foni ya kunyumba inkalira ndithu. Ankadzuka, mpando n'kugwa chagada, ndipo kumbali inayo kunkakhala mayi wina wofunsa ngati diresi yatha. Pofuna kuti asamawonongere mipando, akazi awo anawapatsa ntchito yosomola ulusi ndi kukagula mazipi. Mazipi ankabwera nawo olakwika, chifukwa njira ya ku sitolo ankaikhotetsa kuti idutse pa likulu. Ankaima tsidya lina la msewu, n'kusuzumira pa chitseko cha galasi. Khoma linali lobiriwira ngati dimba. A Indebwana ankawaona n'kuwabayibitsa mwachikondi.

Akazi a Juzi anali ndi mlongo wawo, woyendetsa galimoto yonyamula maliro, munthu wa mimba yaikulu ndi pakamwa posatseka. Mlamuyu ankadziwa nthawi imene chakudya chimapsa m'nyumba zonse za abale ake.

"Alamu, akulirirani?" ankafunsa akusamba m'manja.

"Mwezi sunathe."

"Ine kwanga amalira tsiku ndi tsiku. Ndikubwerekeni awiri? Alipo mayi wina, akayamba ngakhale agalu amavomera."

"Achimwene, idyani," ankatero mayi.

A Juzi ankaseka nawo, koma maganizo anali kwina. Anali munthu wa zaka zoti ntchito ina sangaipezenso. Komanso si ntchito yokha inkawadya mumtima. Moyo wawo wonse anautha akufunsa makina ngati alipo, ndipo tsopano panalibe wofunsa ngati iwo alipo. Anayamba kukayika ngati foni ija inali italirapo n'komwe. Mwina alendo aja ankatha kudzilera okha. Mwina zaka zonsezi ankangodzuka pa chakudya pachabe.

Mwezi utatsala pang'ono kutha, tsiku lina masana, atatuwo akudya pakhonde, wailesi inatulutsa mawu odziwika. Anali a Masomphenya. Ankauza dziko kuti malinga ndi makina a bungwe lawo, mwezi uno imfa zatsika kwambiri, mwina mpaka kutheratu, ndipo kuti zotere sizichitika popanda masomphenya.

Mlamu anatsamwa. Atamwa madzi anati, "Ndiye ine ndikunyamula chiyani? Matumba a simenti? Msana uwu ukuwawa chifukwa cha anthu amoyo?"

"Mwina anthu sakukalembetsa," anatero mayi.

"Akupita, achemwali. Ku nthambi ya kufupi ndi kwathu mzere wachita kukhota. Amasiye okhaokha. Akalaliki akuti netiweki, bwerani mawa. Mawa akuti netiweki. Akaimbira ku likulu, akuti kuno zonse n'zobiriwira. Alipo mayi wina, mwamuna wake ndinamunyamula ndine. Popanda chikalata cha imfa sangasinthe dzina pa nyumba, ndipo abale a malemu ayamba kale kuyeza zipinda ndi maso."

A Juzi anasiya kutafuna. Anadziwa nthawi yomweyo chimene chachitika, ngati mmene mayi amadziwira chifuwa cha mwana wake pakati pa ana ambiri. Mlendo wa za imfa anali ndi chizolowezi cholemba chilichonse chimene wachita, ngakhale kuyetsemula, ndipo zolembazo zinkaunjikana m'nkhokwe mwake. A Juzi ankasesamo ndi manja nthawi ndi nthawi. Kuphunzitsa makina kuti azidzisesera okha kunali kosavuta, koma sanachite, chifukwa kusesako kunali chimodzi mwa zinthu zimene ankazidziwa okha. Tsopano nkhokwe inali itadzaza, mlendo watsamwa, ndipo akufa onse a mwezi umenewo anali ataima panja pa chitseko.

Chimene chinayamba kubwera mumtima mwawo sichinali chisoni. Chinali chimwemwe, ndipo anachita nacho manyazi pang'ono chabe.

"Basi," anatero, akupukuta m'manja. "Bwana alankhula pa wailesi. Atolankhani afunsa. Mawa kapena mkuja andilirira."

Mayi anali atabwerera pa makina. Anaimitsa phazi.

"Ndiye kuti mukudziwa chavuta?"

"Ndikudziwa."

"N'chachikulu?"

"Ayi. N'kusesa chabe."

"Ndiye mwakhaliranji?"

"Sanandiitane, mayi. Ndikapita ndekha ndagwa mayeso. Lamulo likutero."

"Inu munkafuna anthu olira. Si awo ali pamzerewo?"

"Amenewo sawerengedwa. Afunika alire bwana."

Mayiwo anawayang'ana pamwamba pa magalasi. Kenaka anatenga lumo n'kudula ulusi.

"Bambo a ana," anatero, "chifuwa chanucho sichikundisangalatsa masiku ano. Mukagona osadzuka, ine ndikaima pamzere womwewo. Ndiuzeni lero kuti ndizikawauza chiyani anzanga. Ndiziti pepani, amuna anga ankadikira kuti bwana alire?"

 A Juzi anayang'ana mazipi olakwika amene anali mulu pa tebulo. Anati atsegule pakamwa kuti afotokoze za zaka zawo, za lendi, za ntchito imene sipezeka, koma mayi ankazidziwa zonsezo kuposa iwo, ndipo anali atayambanso kupondaponda makina.

Mlamu anapukuta mbale ndi chala. "Galimoto ili panja, alamu. Kumbuyo kulibe munthu. Mukhala kutsogolo kapena muyeseze kugona?"

Anakhala kutsogolo. Njira yonse ankaganiza za mlonda wa pageti, amene sakanawalola kulowa opanda khadi. Koma mlondayo ataona galimoto ya maliro, anavula chipewa, natsegula geti lonse osafunsa kanthu. Anthu a pabwalo anaima n'kuweramitsa mitu. Mlamu anayendetsa pang'onopang'ono, mwa ulemu wa ntchito yake, ndipo a Juzi anatsika ali amoyo pamaso pa onse.

Mayi Ndondomeko anakweza maso. "Simunaitanidwe."

"Ndikudziwa, mayi. Foni ija ili kuti?"

"Foni yanuyo ndi yamwano. Inayamba kulira sabata yoyamba yomwe. Ndinaiika m'envelopu, inaliramo. Ndinaikulunga m'nsalu ya patebulo, inaliramo. Ndinakaitsekera m'kabati yachitsulo, pakati pa mafaelo a anthu opuma. Kumeneko inalira mpaka inatopa yokha."

"Simunaganize zoti muone chimene ikulirira?"

"Katundu wa munthu amene ali pa tchuthi satsegulidwa."

Anaitulutsa. Inali yozizira, batire itatha. A Juzi anaisomeka pa magetsi pakhoma la ofesi yomweyo. Inakhala kanthawi ili chete. Kenaka inadzuka, n'kuyamba kusanza kulira konse kwa mwezi wathunthu, kumodzi pamwamba pa kunzake, osapumira. Zitseko za m'khonde zinatseguka. A Indebwana anakwera masitepe akuthamanga. Pomaliza chinatseguka chitseko chachikulu, n'kutuluka nsapato zosongoka.

"Chikulira n'chiyani?"

"Akufa a mwezi uno, bwana."

"Mwezi uno kulibe akufa. Ndanena pa wailesi."

"Alipo, bwana. Ali m'nthambi, akudikira kulowa."

"Nanga khoma?"

"Khoma munati lizikhala lobiriwira."

"A Indebwana, si zoona kuti khoma n'lobiriwira?"

"Inde, bwana."

"Ndiye kuti Bambo Juzi akunama?"

A Indebwana anayang'ana bwana, nayang'ana a Juzi, nayang'ana foni imene inkalirabe. Aka kanali koyamba m'moyo wawo kuti inde asakwane mbali zonse. Anangotulutsa makiyi a chitseko chachitsulo n'kuwapereka kwa mwini wake.

Pansi paja mphepo yozizira inawalandira ngati galu wa pakhomo. Anakhala pa mpando wawo, umene unali utasunga dzenje la thupi lawo. Anasesa nkhokwe. Anadzutsa mlendo, nayang'ana mawaya ake opita ku nthambi ngati akadali olumikizika. Mlendoyo anakhala ngati watsokomola, kenaka anayamba kumeza. Maina anayamba kuyenda pa sikirini, kuchokera ku nthambi zonse, mzere pa mzere. Zaka zonse zija a Juzi ankangoyang'ana tinyali, osawerenga zodutsa m'mawaya. Tsiku limenelo anawerenga. Panadutsa nkhalamba, panadutsa mphunzitsi, panadutsa khanda limene dzina linali lisanalizolowere. Anakhala pomwepo mpaka womaliza atalowa, manja ali pakati pa mawondo, ndipo sichinali chifukwa cha kuzizira.

Mawa lake akuluakulu anakumana kuti aweruze mayeso. A Juzi anawaika pa mpando wa pafupi ndi chitseko. Mayi Ndondomeko anaika magalasi pamphuno. Anati palibe bwana amene analira. Foni inalira, koma foni si bwana. Amasiye analira, koma amasiye sali pa ntchito m'bungwe. Komanso munthuyu anabwera yekha, pa galimoto yosavomerezeka. Choncho apume.

A Juzi anagwedeza mutu. Anali atakonzeka. Anayamba kudzuka kuti akatenge kapu yawo pansi.

Koma a Masomphenya anali ndi katundu wawo. Nawonso anali ndi mabwana, ndipo mabwanawo anali atamva wailesi. Pankafunika munthu woti anyamule mlandu, wokhala ndi dzina ndi nkhope.

"Asanapume," anatero, "pakhale komiti yofufuza Bambo Juzi, kuti tidziwe mmene anabisira imfa za anthu."

Mayi Ndondomeko anakweza chala. "Zikatero sangapume, bwana."

"Chifukwa?"

"Munthu amene akufufuzidwa sachotsedwa ntchito, sapumitsidwa, sasamutsidwa, mpaka kafukufuku atatha. Angathawe ndi mayankho."

"Ndiye kafukufuku amatha liti?"

"Zimatengera komiti."

Bwana anayang'ana kudenga. Anayeza zinthu ziwirizo, ndipo anaona kuti kukhala ndi wolakwa kunali kofunika kuposa kuchepetsa wantchito mmodzi. Komiti inakhazikitsidwa tsiku lomwelo.

A Juzi anafika kunyumba dzuwa likupendeka, khadi ya pachitseko ikulendewera m'khosi. Mayi anaiona. Anamaliza kaye mpendero wa siketi.

"Ndiye akuti bwanji?"

"Mayeso ndagwa. Koma akundifufuza."

"Ndi zabwino kapena zoipa?"

"Mawa ndipita ku ntchito."

"Mudutse ku sitolo pobwera. Mazipi onsewa n'ngobweza."

Komitiyo inkakumana m'chipinda cha makapeti, pa tiyi wa mkaka ndi mabisiketi, ndipo panalibe membala amene ankaona chifukwa chothamangira. Itangoyamba inapeza kuti singaweruze mlandu isanamvetse mmene Chimphona chimagwirira ntchito. Inafuna katswiri woti aifotokozere, ndipo katswiri yekhayo anali wofufuzidwa yemweyo. Choncho a Juzi ankakwera masitepe, n'kuima pa bolodi, n'kujambula bokosi lalikulu lokhala ndi timabokosi m'kati. Akafika pa mawaya osaoneka, wapampando ankakhala atasinza. Komiti ikayandikira kumvetsa, membala mmodzi ankasamutsidwa, n'kubwera watsopano, n'kupempha kuti ayambirenso pa bokosi lalikulu. A Masomphenya anakwezedwa, napita kukaonera masomphenya kwina. Bwana amene anawalowa m'malo anaipeza komiti, naisiya mmene anaipezera, monga mmene munthu amasiyira chulu m'munda wogula.

Pansi paja zinthu zinasintha mwakachetechete. A Juzi anaphunzitsa mlendo wa za imfa kudzisesera yekha. Zofiira anazigawa, kuti zizilira kwa iwo ndi kwa a Indebwana, ndipo anakhala nawo pansi n'kuwaonetsa waya uliwonse kumene ukupita. A Indebwana anaphunzira msanga, mpaka tsiku lina anauza a Juzi kuti apa mwalakwitsa, kenaka anapepesa sabata yonse. Khoma la pofikira anthu lokha silinasinthe, chifukwa panalibe lamulo lolisintha. Linakhalabe lobiriwira, chikomekome cha nkhuyu, ndipo obwera kudzaona bungwe ankalijambula.

Zaka zinapita, ndipo zaka zokha ndizo zinachita chimene mayeso analephera. Tsiku lotsanzikana nawo panali tiyi ndi mawu ambiri. Mayi Ndondomeko, nawonso imvi zitayamba, anawatengera pambali.

"Nkhani yanu sinathe, bambo. Musapite kutali. Komiti ikhoza kukufunani."

A Juzi anawagwira dzanja ndi manja awiri, nathokoza kuchokera pansi pa mtima.

Anakhala zaka zawo zotsala pakhonde lomwe lija, akusomola ulusi ndi kutsutsana ndi wailesi. Ana ankawaitana kuti akakhale nawo kumene ankagwira ntchito, kwa madokotala abwino ndi nyumba zopanda lendi. Iwo ankakana mwaulemu, ndipo ankakweza mawu pang'ono kuti oyandikana nawo amve.

"Ndikanabwera, mwanawe, koma sindingapite kutali. Ku ofesi nkhani yanga sinathe. Akhoza kundifuna tsiku lililonse."

Mayi ankadziwa kuti komitiyo inabalalika kalekale, ndipo kuti chipinda cha makapeti anachisandutsa chosungiramo mapepala. Ankangokoka nsalu pansi pa singano, n'kuwauza kuti asendere uko, akutchinga kuwala.